Chaka Chimene Thobwa Linatsala

Abambo anga anali mphunzitsi wa sukulu za mishoni. Ntchitoyo inawayendetsa m'midzi yambiri ya ku Dowa ndi ku Ntchisi, moti ana awo atatufe aliyense ali ndi kwake kumene unagwera mchombo. Achimwene, oyamba kubadwa, anabadwira cha ku Mponela. Ine ndinabadwira ku Mvera. Mng'ono wanga, mtsikana, mzime wa m'nyumba mwathu, anabadwira kuno kufupi ndi Malomo, kumudzi kwa amayi, kumene abambo anadzakhazikika atatopa ndi choko.

Kuseri kwa mudzi wathu kuli kaphiri. Si kakatali ayi, ndipo alendo odutsa pamsewu sakayang'ana n'komwe. Pamwamba pake pali thanthwe lalikulu loyalika ngati bwalo. Masiku amenewo thanthwelo linali litazunguliridwa ndi mitengo ya mombo ndi masuku, ndipo ukaima chakumapeto kwake unkaona minda ya anthu ili mbee mpaka kumapiri a Ntchisi.

Chaka china, ine ndili mu Sitandade 4, tinaika maliro atatu motsatizana: mkulu wawo wa abambo, azakhali, kenaka khanda la msuweni wathu. Titabwera kumanda kachitatuko, abambo anakhala pakhonde osavula jekete. Anayang'ana amayi nati, "Mayi, mwaona? Abale athuwa tikungowadziwa nkhope zolira zokha. Mwana wa mlongo wanga uja ndamuona katatu chaka chino, koma sindikudziwa kuti akamaseka mano ake ndi otani."

Sabata yomweyo anang'amba mapepala m'kope n'kulemba makalata kwa abale a mbali zonse ziwiri. Ine ndi amene ndinkamata maenivulopu, choncho mawu ake ndikuwakumbukira. Analemba kuti: bwerani Loweruka loyamba la Ogasiti, kulibe maliro, kulibe ukwati, kulibe mlandu, mudzangobwera. Anthu sanakhulupirire. Atsibweni athu a ku Madisi anafika atavala nkhope yachisoni kale, akuganiza kuti abambo akudwala ndipo akufuna kutsanzika. Atawapeza akusenda nzimbe, anakwiya. "Ndiye mwandiyendetsa ulendo wonsewu kuti ndidzangodya?" Abambo anati, "Eya, alamu. Kudzangodya basi."

Anasankha paphiri chifukwa pakhomo anthu akanagawikana monga mwa masiku onse, amuna pansi pa mtengo, akazi kuseri kwa khitchini. Pathanthwe panalibe kuseri. Tinkakwera m'mawa dzuwa litatentha pang'ono, titasenza madengu ndi mikeka, wina mpunga m'beseni, wina nkhuku zokazinga, mbatata yophika, chigumu, mtedza, manachesi. Anthu a m'mudzi ankatiseka kuti aphunzitsi akudyera kutchire ngati alenje chikhalirecho nyumba ali nayo, ya malata. Abambo sankasamala. Tikafika ankatsogolera nyimbo imodzi ya m'buku, n'kupemphera pemphero lalifupi, lomwe kwa iwo chinali chinthu chovuta. Akatero ankaimiritsa ana mmodzimmodzi kuti aliyense anene amene anamubereka ndiponso amene anabereka ameneyo. Wolakwitsa ankamuseka mpaka alire, kenaka n'kumupatsa ntchafu ya nkhuku.

Thobwa inali ntchito ya mng'ono wanga. Anaiyamba asanathe n'komwe msinkhu, ndipo palibe anamutuma. Ine ndinali wa mabuku, manja anga sankadziwa zambiri za m'khitchini, koma iye anabadwa ndi dzanja. Ankanyika mawere Julayi ali pakati, n'kuwafunditsa masamba a nthochi mpaka amere, n'kuwayanika, n'kusinja yekha chimeracho. Lachinayi ankaphika phala, n'kulisiya lizizire mpaka chala chizitha kupirira, n'kuthira chimera. Lachisanu ankaliwiritsanso. Shuga ankangoti pang'ono, chifukwa ankati thobwa lodalira shuga ndi la munthu waulesi. Loweruka linkakwera phiri m'ndowa ziwiri zoyera za enamelo, ndipo tonse tinkamwera chipanda chimodzi chimene chinkayenda dzanja ndi dzanja. Ndowa zija zinkatsika zili gwaa. Ana ankazipala ndi zala.

Abambo anamwalira ine nditangoyamba kumene kuphunzitsa. Tinkaganiza kuti zapaphiri zapita nawo, koma Julayi atafika amayi anaitana achimwene n'kuwapatsa cholembera cha abambo. Sananene zambiri. Anangoti, "Maadiresi ali m'Baibulo mwawo, kumapeto." Chaka chimenecho tinalira poyimba, koma pofika masana tinali tikuseka, ndipo mwambo unapitirira.

Mng'ono wanga anakwatiwa ndi kalaliki wa pa esiteti ya fodya cha ku Kasungu. Anali mwamuna wansangala, wokonda nthabwala, ndipo tonse tinkamukonda. Iye ndi amene anayambitsa zomangirira ndowa za thobwa pa njinga n'kumaikankha mpaka pamene njira yathera. Anabereka mwana mmodzi, wamkazi. Mwanayo asanakwanitse zaka zitatu, bambo ake anayamba kutsokomola. Anati ndi chifuwa chachikulu. Anamwa mankhwala, n'kukhalako bwino, n'kudwalanso, mpaka anapita. Akuchimuna anatenga zonse za m'nyumba. Mng'ono wanga anabwerera kwa amayi ndi mwana kumbuyo ndi sutikesi imodzi.

Zinali zaka zimene matenda aja anali atalowa m'midzi, mankhwala otalikitsa moyo asanafike kwa anthu wamba ngati ife. Dzina lake sitinkalitchula. Tinkangoti "zomwezi," kapena "matenda a masiku ano." Munthu akayamba kuwonda, anthu ankayang'anizana n'kusintha nkhani. Mng'ono wanga anayamba kuwonda patatha chaka chibwerereni. Tsitsi lake linafewa n'kuyamba kufiira. M'mbali mwa milomo munatuluka tizilonda tosapola. Komabe ankalima, ankatunga madzi, ankaimba kwaya ya amayi, ndipo Julayi atafika ananyika mawere ake monga mwa nthawi zonse.

Apa ndiyenera kunena za ine mwini. Nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa Sitandade 7 pa sukulu ina kufupi ndi Malomo. Ndinali pabanja, ndi ana awiri. Anali atatitumiza ku maphunziro a masiku angapo ku boma, kumene anatifotokozera bwinobwino za matendawa. Nditabwerako ndinalemba pa bolodi ndi dzanja langali kuti munthu sangatenge kachilomboka pogwirana chanza, podyera mbale imodzi, kapena pomwera kapu imodzi. Ana anakopera m'makope. Ndinawafunsa pa mayeso, ndipo amene analakwa ndinawachongera ndi inki yofiira. Choncho sindinganene kuti sindinkadziwa.

Loweruka lija kunali mphepo. Tinakwera anthu ochuluka ndithu, chifukwa fodya anali atayenda bwino ndipo ambiri anakwanitsa ulendo. Mng'ono wanga anasenza ndowa imodzi, ina anasenza msuweni wathu. Anapumira katatu panjira, pamene kale ankafika pamwamba akuyimba. Titayala mikeka, ndinaona alamu anga, akazi a achimwene, akutsitsa makireti awiri a zakumwa za m'mabotolo amene anyamata anawanyamulira. Chiyambire sitinabweretsepo zoterozo paphiri. Anati, "Chaka chino tati tisinthe pang'ono, ana amazikonda." Sanayang'ane aliyense ponena mawuwo.

Achimwene anatsogolera nyimbo ndi pemphero, ana ananena mibadwo yawo, chakudya chinagawidwa. Mng'ono wanga anavundukula ndowa, n'kutakasa ndi chipanda, n'kulawa pang'ono monga ankachitira chaka chilichonse pofuna kumva ngati lakoma. Ndinaona maso a anthu akutsatira chipandacho kuchoka pamilomo pake kubwerera m'ndowa. Anatunga n'kupereka kwa amayi atagwada. Amayi anamwa chonse osapumira, n'kupukuta pakamwa ndi nsonga ya chitenje. "Lagwira," anatero. Mng'ono wanga anatunganso n'kupita kwa atsibweni. Iwo anakweza botolo limene anali nalo m'manja. "Ndayamba kale ichi, mwanawe, ndingasakanize." Achimwene anati amwa akatha kudya. Alamu anali atatembenukira kwina, akutsegulira ana mabotolo. Chipanda chinayenda mkeka wonse chili chodzaza.

Kenaka anafika pa ine. Anagwada, ngakhale kuti ine sankandigwadira, n'kunena chapansipansi, "Achemwali, inu ndiye mumalikonda la pansi, lokhala ndi chimera chambiri. Ndakutungirani la pansi."

Ndinayang'ana chipandacho, ndinayang'ana milomo yake. Ndinamva pakamwa panga pakunena kuti, "Iwe, ndadzuka ndi chilungulira lero. Ndimwa nthawi ina." Mwana wanga wamng'ono, amene anali pamiyendo panga, anatambasula manja kuti alandire. Ndinamugwira mkono n'kuubweza. Sindinachite mwamphamvu, koma mng'ono wanga anaona. Anangoti, "Pepani, chilungulira n'chowawa," n'kudzuka. Anabwerera pa ndowa zake, n'kukhala pansi, n'kumwetsa mwana wake. Kamtsikanako kanamwa kakugwira chipanda ndi manja awiri, thobwa likutsikira m'chibwano.

Tsikulo linapitirira ngati palibe chachitika. Anyamata anasewera mpira wachikulunga m'munsi mwa thanthwe. Kunabwera wojambula zithunzi wa pa Malomo amene achimwene anamuitana, ndipo tinaima m'mizere n'kujambulitsa. Amayi anamwa thobwa kanayi konse tsiku limenelo, munthu amene chipanda chimodzi chinkamukwanira. Ankangoti, "Nditungirenso, mwanawe, ludzu landivuta." Koma munthu mmodzi sangamalize ndowa ziwiri.

Dzuwa litapendeka tinayamba kulongedza. Msuweni uja anafuna kukhuthula thobwalo pathanthwe kuti ndowa zipepuke, koma mng'ono wanga anakana. Anasenza imodzi pamutu, ina n'kuinyamula pamanja. Ndinati ndimulandire, iye anati, "Siyani, inu muli ndi mwana." Ndinayenda pambuyo pake njira yonse, ndikuona miyendo yake ikunjenjemera pamiyala. Patsinde pa phiri pali kamtsinje. Anatula pamenepo, n'kudikira kuti anthu adutse. Ine ndinaima poteropo. Anakhuthulira thobwa lonse m'madzi pang'onopang'ono, n'kutsuka ndowa zake ndi mchenga mpaka zinayera. Atatha anandiyang'ana n'kumwetulira. "Chaka chino chimera sichinamere bwino, achemwali. Kunazizira kwambiri. Anthu sanalakwe."

Ndikanatha kunena chinachake pamenepo. Panalibe wina, tinali awiriwiri. Koma ndinangoti, "Eya, kunazizira," ndipo tinapita kunyumba.

Mvula itagwa anagona osadzukanso bwino. Mu Januwale, chimanga chili m'chiuno, tinamukweza pa matola n'kupita naye ku chipatala cha ku Mtengowanthenga. Ndinapempha tchuthi kusukulu kuti ndikamudikirire, chifukwa amayi anatsala ndi mwana. Ndinakhala naye masabata atatu. Ndinkamusambitsa, kumutembenuza, kumuchapira, kumuphikira phala kukhitchini ya odikirira odwala. Ndinkamudyetsa ndi supuni, ndipo akalephera kumaliza ndinkadya lotsalalo ndi supuni yomweyo, pamaso pake, mwadala. Ndinkafuna aone. Tsiku lina anaseka mofooka nati, "Achemwali, phala lozizira mukulimbana nalo chifukwa chiyani? Mulibe ufa?"

Masana ena, anamwino atangodutsa, ndinalimba mtima. Ndinati, "Iwe, tsiku lija paphiri..." Sanandilole kumaliza. "Kunali mphepo tsiku lija," anatero, n'kutembenukira kukhoma. Patapita kanthawi, osanditembenukira, anati, "Mwanayo muzikwera naye. Akuchimuna sadzamufuna. Azidziwa kuti ali ndi anthu." Ndinavomera. Anamwalira m'mawa wina ine nditapita kumpopi kukachapa chitenje chake. Nditabwera ndinapeza atamutchinga ndi nsalu.

Mwanayo ndinamutenga. Anakulira m'nyumba mwanga pamodzi ndi anga awiri, ndipo ankanditcha amayi, osawonjezera kanthu. Ogasiti wotsatira amayi anaumirira kuti tikwere. Palibe anaphika thobwa, ndipo palibe anafunsa. Ndowa zija amayi anazisungiramo nyemba. Kuyambira pamenepo paphiri pankabwera mabotolo okhaokha.

Zaka zotsatira zinatidya. Msuweni amene anasenza ndowa uja anapita ndi matenda omwewo, kenaka mkazi wake, kenaka mwana woyamba wa atsibweni. Alamu anga nawo anaika mng'ono wawo. Pofika pamenepo panalibe nyumba yoti n'kuloza inzake chala. Mankhwala atafika, tinaona anthu amene tinali titawataya mtima akunenepa n'kubwerera kumunda, ndipo ine ndinkawerenga zaka pa zala: mng'ono wanga anaphonya ndi zochepa chabe. Chaka cha njala tinakwera anthu asanu ndi awiri, ndi mbatata yophika ndi madzi. Amayi anamwalira patapita zaka zingapo, mwakachetechete, atadwala sabata imodzi. Achimwene anati, "Achemwali, basi tilekere pomwepa. Tikukwera kukawerenga amene palibe." Ine ndinakana. Sindinakane chifukwa cha abambo kapena amayi, koma chifukwa cha lonjezo la kuchipatala lija. Ndinatenga maadiresi n'kuyamba kulemba ndekha, ndipo mafoni atabwera ndinkaimba.

Phiri nalo linasintha. Mitengo ya mombo inathera m'zigafa za fodya ndi m'mauvuni a makala. Masuku anatsala awiri. Tinayamba kunyamula maambulera ndi lona lomanga pa mitengo yodula kumunsi. Koma ana amene ankanena mibadwo yawo akulira aja anakula, n'kubalalikira ku Lilongwe, ku Mzuzu, ena ku Joni, ndipo chodabwitsa n'chakuti iwowo ndi amene anaukonda mwambowu kuposa ife. Anatsegula gulu pa foni. Anayamba kusokesa malaya ofanana. Ankabwera ndi magalimoto, mbaula zowotchera nyama ndi zokuzira mawu. Anaupatsanso dzina loti pikiniki, limene abambo sanalitchulepo.

Wotsogolera zonsezi anali mwana wa mng'ono wanga uja. Anaphunzira bwino, anapeza ntchito mu ofesi ina ku Lilongwe, anakwatiwa, ali ndi ana awiri. Manja ake ndi a mayi ake, mayendedwe akenso. Nthawi zina akatembenuka mwadzidzidzi mtima wanga umadumpha. Zaka ziwiri zapitazo anaganiza zosonkhanitsa zithunzi zakale kuti azikulitse n'kuzipachika pa chingwe paphiri, ana aone makolo awo. Anabwera Lachinayi, kutatsala masiku awiri, ndipo tinakhala pakhonde masana tikufufuza m'katoni. Anatulutsa chithunzi cha wojambula wa pa Malomo uja.

Ine ndinali nditaiwala mmene chinalili. Tonse tili m'mizere itatu, ambiri atagwira mabotolo. Chakumapeto, potalikira pang'ono, mng'ono wanga wakhala pansi pakati pa ndowa ziwiri zovundikira, mwana ali pamiyendo.

"Awa ndi amayi, uyu ndine," anatero. "Nanga bwanji takhala patokha? M'ndowamu munali chiyani?"

"Thobwa."

"Thobwa? Paphiri pankabwera thobwa? Bwanji sindinalionepo?"

Ndikanatha kunena kuti wophika anasowa, ndipo sikukanakhala kunama kwenikweni. Koma ndinali nditakalamba, ndipo nkhaniyi ndinali ndisanauzepo munthu, ngakhale malemu amuna anga. Ndinamuuza zonse. Za makireti, za atsibweni, za chipanda chimene chinayenda mkeka wonse. Za chilungulira changa. Za mkono wa mwana wanga umene ndinaubweza. Za kumtsinje. Sindinadzichepetsere mlandu, ndipo ndinamuuzanso zimene ndinali nditalemba pa bolodi.

Anamvetsera osandidula, maso ali pa chithunzi. Nditamaliza anafunsa, "Ine ndinamwa?"

"Unamwa. Iwe ndi agogo ako."

"Ndiye tinali awiri."

"Awiri."

Nkhuku inakwera pakhonde, iye n'kuiingitsa ndi phazi. Kenaka anati, "Amayi, zaka zonsezi mwakhala mukundikweza phiri lija, mukundiimiritsa pathanthwe lomwelo kuti ndinene amene anandibereka, anthu omwewo akuwomba m'manja." Sanakweze mawu. Ndinati, "Anandituma ndi mayi ako." Iye anati, "Ndamva." Anabweza zithunzi zina zonse m'katoni, chimenecho n'kuika m'chikwama chake.

Madzulo dzuwa lisanalowe anapita kwa achimwene, amene tsopano maso awo ndi ofooka ndipo amakhala pampando pakhomo pawo tsiku lonse. Ndinamutsatira. Anawapatsa moni mwaulemu n'kufunsa, "Atsibweni, mukukumbukira chaka chimene thobwa la amayi linatsala?" Achimwene anatembenuzira nkhope kumene kunkachokera mawu. "Thobwa? Aa, mwanawe, ndi zakale zimenezo. Ine mutu unatha. Sindikukumbuka kanthu." Alamu, amene ankasola mtedza pambali, anadzuka n'kulowa m'nyumba.

Loweruka mwana wa mng'ono wangayo anayendetsa zonse monga anakonzera. Anapachika zithunzi, anagawa malaya, anaonetsetsa kuti aliyense wadya. Chithunzi chija sanachipachike. Potsanzika anandikumbatira monga mwa masiku onse, koma thupi lake linali louma ngati mtengo.

Chaka chotsatira sanabwere. Anatumiza mwamuna wake ndi ana, pamodzi ndi nyama ndi mpunga. Gulu la pa foni analisiyira msuweni wake. Mwana wangayo ndinamuimbira Lamlungu nditachoka ku tchalitchi. Anati, "Amayi, sindinakwiye nanu. Munandilera, ndipo zimenezo palibe angazifute. Mukadwala ndibwera, Khirisimasi ndibwera. Koma phiri lija sindingalikwere panopa. Mwina m'tsogolo." Ndinati ndamva, ndipo sindinamukakamize. Khirisimasi anabweradi, anandigulira nsapato zofewa za miyendo yotupayi, tinacheza bwino. Zapaphiri sitinazitchule.

Ana anga awiri anandidzudzula. Wamkulu anati, "Amayi, munaululiranji? Mwapweteka munthu popanda chifukwa. Zikanangopita nanu kumanda." Mwina akunena zoona. Pali masiku amene ndimaganiza kuti ndinatula katundu wanga pamutu pa mwana wosalakwa kuti ine ndipepukidwe. Pali masiku enanso amene ndimaganiza kuti anali ndi ufulu wodziwa chimene mayi ake anasenza. Sindinapeze yankho, ndipo kupepukidwa kumene ndinkayembekezerako sikunabwere.

Chaka chino sanabwerenso. Ine nane sindinakwere, koma chifukwa cha maondo. Adokotala anati ndisiye zokwera mapiri. Achinyamata anatiikira mipando iwiri patsinde, pamthunzi wa mtengo wa mango wa m'munda mwa eni ake, ine ndi achimwene, n'kutisiyira mbale zathu zovundikira. Alamu anamwalira chaka chatha, choncho tinali awiri. Kuchokera pamwamba tinkamva nyimbo za makono zikugunda, kenaka zinazima, ndipo tinamva nyimbo ya m'buku ikuimbidwa mothamanga, ambiri osadziwa ndime yachiwiri. Achimwene ankatsatira ndi milomo.

Tinayamba kudya. Ndinawasankhira minofu chifukwa mafupa sawaona. Atasamba m'manja anakhala atazolika, zala zikusisita mutu wa ndodo yawo.

"Achemwali."

"Ee, achimwene."

"Makireti aja ndinagula ndine. Mayi a ana aja anangotsitsa. Ndinawatuma ndine kuti anene kuti ana amazikonda."

Ndinawayang'ana. M'maso mwawo moyera ndi ng'ala munkatuluka madzi, koma nkhope sinasinthe. Ndinafunsa chifukwa chimene sanamuuzire mwanayo tsiku limene anafunsa. Anati, "Mawu ake. Akamalankhula ndimamva ngati ndi mayi ake abwera kudzafunsa." Anapukuta m'maso ndi chikhatho. "Muli nayo nambala yake?"

Ndinali nayo. Ndinaimba, n'kuwaikira foni m'dzanja, n'kuwathandiza kuifikitsa kukhutu. Inaitana mpaka inaduka yokha. Anati ndiyesenso, ndipo inaitananso osayankhidwa. Mwina anali kutali nayo, linali Loweruka, tsiku lochapa. Achimwene anandibwezera foni n'kunena kuti mphepo yayamba kuwalowa m'mafupa. Ndinawafunditsa chitenje changa m'mapewa, ndipo tinakhala pomwepo kudikira kuti wina atsike adzatiperekeze kunyumba.